Wachete Ndiye Woyamba: Luso Loyeza Kuvulala ku Kasungu

Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, msewu wa M1 sugona. Malole osenza mabelo amandandalika kulowera ku okushoni ya Chinkhoma, ngolo zimatulukira mumsewu kuchokera m'tinjira ta m'maesiteti kunja kutada kale, ndipo anyamata a kabaza amakweza anthu awiri kapena atatu pa njinga yamoto imodzi, ambiri opanda zipewa zoteteza mutu. Ndalama za fodya zikalowa m'matumba, mowa nawo umagulika. Ngozi ikachitika ku Santhe, ku Chamama, ku Chatoloma kapena pa Bua, ambiri mwa ovulala kwambiri amathera pakhomo limodzi, pa chipatala cha boma cha Kasungu. Kuchokera pamenepo kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe kuli akatswiri a maopaleshoni akuluakulu, pali makilomita pafupifupi 130.

Anthu akamayamikira ogwira ntchito m'chipinda cholandirira ovulala amatchula zooneka: bala losokedwa bwino, mwendo woikidwa chikhakha chowongoka, diripi yolowa pamtsempha kamodzin'kamodzi. Zonsezi n'zoyamikirika, koma ntchito yovuta koposa imachitika singano isanagwidwe n'komwe. Ndiyo kuyang'ana munthu yemwe wangotsitsidwa m'galimoto n'kudziwa, m'mphindi ziwiri kapena zitatu, kuti wavulala kufika pati.

Kuvulala kulibe sikelo. Malungo amayezedwa ndi kadontho ka magazi, kutentha kwa thupi kuli ndi kachipangizo kake, koma palibe makina omwe mungagonekepo munthu wogundidwa ndi lole n'kukuuzani kuti uyu safika pakati pa usiku, uyo angathe kudikira mpaka mawa. Chonsecho yankho limafunika msangamsanga, chifukwa zigamulo zitatu zikudikira yankholo: ayambe kuthandizidwa ndani, ndani alowe ku fiyeta pompano, ndipo ndani akwere ambulansi ya ku Lilongwe, yomwe singanyamule onse nthawi imodzi.

Wogamula zimenezi kawirikawiri amakhala kiliniko ofesa, amene anthu amangomutchula kuti adokotala, mothandizana ndi namwino. Dziko la Malawi linayamba kuphunzitsa makiliniko ofesa mu 1976, ndipo mu 1985 Dr Edward Blair wa ku Canada anayambitsa maphunziro apadera a makiliniko ofesa a mafupa. Mpaka lero anthu ambiri othyoka mafupa m'dziko muno amadutsa m'manja mwa iwowa.

Atatu pa pikapu imodzi

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka madzulo, mwezi wa Juni. Pikapu ya munthu wachifundo yafika ndi anthu atatu omwe anali pa njinga yamoto imodzi. Mayi wang'ambika pamutu, magazi anyowetsa duku ndi bulauzi, akulira mokuwa kuitana ana ake. Mnyamata woyendetsa njingayo wathyoka msongolo, fupa likuonekera, akubuula. Wachitatu ndi bambo wa zaka za m'ma 30, tenanti wa pa esiteti ina. Watsika yekha, wakhala pa benchi atagwira m'nthiti kumanzere. Alibe bala, malaya ake alibe ngakhale dontho la magazi. Akungopempha madzi akumwa.

Achibale onse aunjikana pa mayi uja. "Adokotala, taonani magaziwa, amayiwa atisiya!" Adokotala amuyang'ana kamphindi, n'kuuza namwino kuti apanikize balalo ndi nsalu yoyera, kenako alunjika pa benchi. Kwa achibale zikuoneka ngati kuuma mtima. Koma m'kamphindi kaja adokotala ayeza kale zinthu zitatu. Munthu amene akulira mokuwa, akutchula mayina a ana ake osasokoneza, ndiye kuti njira yake ya mpweya ndi yotseguka, mapapo akukoka mpweya wokwanira, ndipo magazi akufika ku ubongo. Khungu la pamutu lili ndi timitsempha tambiri, n'chifukwa chake bala la pamenepo limataya magazi moopsa maso, koma likapanikizidwa bwino magaziwo amaleka. Wodetsa nkhawa ndi uyo wachete, waludzu, yemwe palibe akumulabadira.

Kusanja ovulala motere kunayamba kalekale. Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon, anaumirira kuti wovulala kwambiri azithandizidwa poyamba posatengera udindo wake. Kwathu kuno, njira yosanjira ana odwala m'magulu atatu, ofuna thandizo pompopompo, ofuna kuonedwa msanga ndi otha kudikira pamzere, inakhwimira pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre motsogozedwa ndi Prof Elizabeth Molyneux. Mu 2005 bungwe la WHO linatulutsa mabuku ophunzitsira njirayi, yotchedwa ETAT, kuti izigwiritsidwa ntchito m'mayiko enanso.

Manja ali ndi ndondomeko

Wodziwa ntchitoyi sayambira pomwe wodwala akuloza kuti pakupweteka. Amayambira pa chomwe chimapha msanga n'kumatsika: njira ya mpweya, kapumidwe, magazi, ubongo, kenako thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kutsogolo ndi kumsana. Ndondomeko imeneyi inafala pambuyo pa ngozi ya ndege ya mu 1976 ku Nebraska, m'dziko la America, momwe Dr James Styner anataya mkazi wake ndipo ana ake anavulala kwambiri. Zomwe anaona pa chipatala chaching'ono chomwe anathamangirako zinamuchititsa kuyambitsa, pamodzi ndi anzake, maphunziro a kalandiridwe ka ovulala mu 1978. Maphunziro a Primary Trauma Care, omwe makiliniko ofesa ndi anamwino ambiri a m'Malawi anachita, amatsata ndondomeko yomweyi koma moganizira zipatala zopanda zipangizo zambiri.

"Bambo, dzina lanu ndani? Munachokera kuti?" Funsoli likuoneka ngati moni, koma adokotala akumvetsera mawu okha. Kodi akutuluka oyera, kapena akusasa, kapena m'khosi mukumveka zogwedeza ngati muli magazi? Kodi bamboyo akutha chiganizo chonse ndi mpweya umodzi, kapena akudukizadukiza? Pofunsapo dzanja limodzi lili kale kuseri kwa khosi, ndipo wina wauzidwa kugwira mutu kuti usagwedezeke mpaka zitadziwika kuti fupa la khosi ndi lathunthu.

Kenako zala ziwiri zigwira pamkono, pafupi ndi chikhatho. Woonerera amaganiza kuti adokotala akuwerenga kugunda kwa mtima, pomwe poyamba maso awo ali pachifuwa, kuwerenga mpweya. Amachita dala zimenezi chifukwa munthu akadziwa kuti akumuwerengera amasintha kapumidwe. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Akafika pa 30 ndiye kuti zinthu zavuta. Maso omwewo akuona ngati mbali zonse ziwiri za chifuwa zikukwera mofanana. Chala chimodzi chikhudza kadzenje ka m'munsi mwa khosi kuti chimve ngati kholingo lili pakati kapena lakankhidwira mbali imodzi. Akagogoda chifuwa ndi chala, mbali yomwe yadzaza mpweya wothawa m'mapapo imalira kwambiri, pomwe yodzaza magazi imamveka mogontha.

Tsopano zala zija zimvetsera mtima. Wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Wa bamboyu ukugunda ka 118, ndipo kugundako n'kopyapyala, kothawa pansi pa chala. Adokotala akanikiza chikhadabo kwa masekondi asanu n'kusiya. Kufiira kumayenera kubwerera pasanathe masekondi awiri, koma apa kukuchedwa. Akhudza bondo ndi kuseri kwa dzanja, bondolo n'lozizira. Pachipumi pali thukuta, chonsecho kunja kuli chisanu cha Juni. Atsitsa chikope cham'munsi, m'kati mwake mwayera.

Makina a BP akuti nambala yapamwamba ndi 110, yomwe payokha ilibe vuto. Apa ndi pomwe wophunzira kumene amapusitsidwa. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo thupi la munthu wogwira ntchito zolimba limadziwa kubisa. Limafinya mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo, limathamangitsa mtima, kuti magazi otsalawo azipita ku ubongo. Likatero BP imatha kukhala yabwinobwino mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi litatayika, ndipo ikayamba kugwa imagwa msanga. Ndiye pali kalamulo kachidule: kugunda kwa mtima kukaposa nambala yapamwamba ya BP, muyeseni munthuyo kuti akutaya magazi mpaka mutatsimikiza kuti ayi. Kwa bamboyu, 118 yaposa 110.

Nanga magaziwo akupita kuti, popeza pansi palibe? Malo obisalamo magazi ndi owerengeka: m'chifuwa, m'mimba, m'chiuno ndi m'ntchafu. Fupa la ntchafu likathyoka limatha kumeza lita imodzi kapena lita ndi theka khungu lili losang'ambika. Mafupa a m'chiuno amameza oposa pamenepo. Bamboyu wagwira nthiti zam'munsi kumanzere, ndipo kuseri kwa nthitizo kuli kapamba. Kumadera a malungo ngati kwathu kuno kapamba wa anthu ambiri amakhala wotupa, sachedwa kung'ambika. "Paphewa apa mukumvapo kupweteka?" Bamboyo avomera modabwa, popeza phewalo silinamenyetseke pena paliponse. Adokotala sadabwa: magazi akafika pansi pa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ululu wake umamvekera paphewa lakumanzere. Ngati makina a sikani ali pafupi, omwewo ounikira amayi oyembekezera, amatsimikiza kuti m'mimba muli magazi. Koma madiripi awiri alowa kale, magazi apita kukayezedwa gulu lake, ndipo ku fiyeta auzidwa kuti akonzeke. Madzi akumwa aja bamboyo sapatsidwa.

Funso lina limayendera limodzi ndi manjawo: chamuvulaza n'chiyani? Nkhwangwa yophonya podula nkhuni zowotchera fodya imavulaza pomwe yagwera pokhapo. Koma munthu wopondedwa ndi ngolo yodzaza, woponyedwa patali ndi galimoto, wogwa padenga la chigafa, kapena wokumana ndi njovu m'midzi ya m'mphepete mwa Kasungu National Park, komwe mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, amayesedwa wovulala m'kati ngakhale akuyenda yekha. Kukula kwa mphamvu yomwe yagunda thupi ndi muyeso paokha.

Kuyeza ubongo popanda kuuona

Mnyamata wa kabaza uja aliyense akumuyang'ana mwendo, koma adokotala akumuyang'ana mutu, chifukwa anagwa opanda chipewa. Makina a CT ojambulira m'mutu amapezeka ku zipatala zikuluzikulu, choncho pano ubongo uyenera kuyezedwa ndi zomwe ukuchita. Njira yachidule ili ndi masitepe anayi: ali maso, kapena akuyankha akaitanidwa, kapena akuyankha akatsinidwa pokha, kapena sakuyankha konse. M'mabuku a chipatala amalemba chilembo chimodzi mwa zinayi za AVPU.

Njira yatsatanetsatane inachokera ku Glasgow mu 1974, kwa Graham Teasdale ndi Bryan Jennett. Kale madokotala ankalemba mawu monga "wakomoka pang'ono" kapena "ali ndi tulo", ndipo aliyense ankawamva mwa iye yekha. Awiriwa anati tisiye kufotokoza, tiziwerenga zinthu zitatu zomwe aliyense angaone. Maso: mapointi 4 ngati akutsegula yekha, mpaka 1 ngati sakutsegula konse. Mawu: 5 ngati akudziwa dzina lake, komwe ali ndi tsiku, mpaka 1 ngati ali duu. Kuyendetsa thupi: 6 ngati akuchita zomwe wauzidwa, mpaka 1 ngati sakugwedezeka ngakhale atatsinidwa. Zonse pamodzi zimachokera pa 3 kufika pa 15. Kuyambira 13 kukwera ndi kuvulala kochepa, 9 mpaka 12 ndi kwapakati, ndipo 8 kutsika ndi koopsa, poti munthu wotero sangathenso kuteteza njira yake ya mpweya.

Manambalawa ndi osavuta kuloweza. Luso lili pa kuwapeza moona. "Achimwene, tatulutsani lilime. Takwezani zala ziwiri." Wodziwa sauza wodwala kuti "finyani dzanja langa" n'kukhutira, chifukwa ngakhale wokomoka amatha kufumbata chomwe chamukhudza pachikhatho. Pofuna kuona ngati akudziwa pomwe pakupweteka, amamutsina pamnofu wa pakati pa khosi ndi phewa n'kuona ngati dzanja likukwera kukachotsa chomutsinacho. Kenako tochi, ngakhale ya pafoni, iunika m'maso. Timadontho takuda ta pakati pa maso tiyenera kukhala tofanana ndi kuchepa kuwala kukafika. Kamodzi kakakula n'kuuma, ndiye kuti m'chigaza muli chomwe chikupanikiza ubongo.

Mnyamatayu akutsegula maso yekha, akuchita zomwe wauzidwa, koma akuti lero ndi Lachitatu ndipo ali ku Chinkhoma. Ndiye 4, 4 ndi 6, zonse 14. M'kamwa mwake mukumveka fungo la kachasu. Anzake akuti, "Waledzera chabe uyu, mawa adzuka." Adokotala savomereza. Woledzera nthawi ikamapita amatsitsimuka. Wovulala ubongo amamira. Ndipo pamwamba pa khutu, pomwe fupa la chigaza ndi lopyapyala, pamadutsa mtsempha womwe ukaduka munthu amatha kudzuka, kulankhula, ngakhale kuseka, kenako pakapita maola ochepa n'kugona osadzukanso.

Mwana wosadziwa kulankhula sangafunsidwe tsiku. Yankho la vuto limeneli linachokera kwathu konkuno. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, posamalira ana odwala malungo a mu ubongo ku Blantyre, anakonza muyeso wochokera pa 0 kufika pa 5, woona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, mmene akulirira, ndi mmene akuchitira akamva kuwawa. Muyesowu umadziwika padziko lonse ndi dzina la Blantyre Coma Scale.

Nambala imodzi ya thupi lonse

Anthu a ku Kasungu sangadabwe ndi chifukwa chomwe madokotala amafunira nambala. Wosankha fodya amagwira tsamba, kulimva kukhuthala kwake, kuona mtundu wake ndi malo omwe linali paphesi, n'kuliika pagulu lake. Giredi ikalembedwa, wogula yemwe sanapondeko m'munda amadziwa zomwe zili m'belo. Muyeso wa kuvulala umagwira ntchito yomweyo pakati pa Kasungu ndi Lilongwe.

Muyeso wotchuka koposa ndi Injury Severity Score, womwe Susan Baker ndi anzake anatulutsa ku Baltimore mu 1974. Thupi limagawidwa zigawo zisanu ndi chimodzi, kuvulala kulikonse kumapatsidwa nambala kuchokera pa 1 kufika pa 6, kenako amatenga zigawo zitatu zovulala koposa, nambala iliyonse n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kuphatikiza. Munthu wokhala ndi 4 m'mimba, 3 pantchafu ndi 2 pachifuwa amapeza 16, 9 ndi 4, zonse 29. Woposa 15 amawerengedwa wovulala kwambiri, ndipo malire ake ndi 75. Nzeru ya kuchulukitsako ndi yakuti bala limodzi lalikulu limapha kuposa mabala ang'onoang'ono ambiri. Vuto lake n'lakuti kuti mulembe 4 wa m'mimba uja muyenera kuona kaye m'mimbamo, pojambula kapena pa opaleshoni. Ndi muyeso wabwino wa m'kaundula, koma pakhomo la chipatala umafika mochedwa.

Ku Uganda, madokotala Olive Kobusingye ndi Ronald Lett anaona vutoli ndipo mu 2000 anafalitsa Kampala Trauma Score. Imafunsa zinthu zisanu zokha: zaka za wodwala, BP, kapumidwe, sitepe yake pa AVPU, ndi chiwerengero cha malo ovulala kwambiri. Zotsatira zimachokera pa 5 kufika pa 16, ndipo nambala ikamatsika ngozi imakula. Namwino yemwe ali ndi wotchi ndi makina a BP angaipeze pasanathe mphindi zitatu.

Malawi anapitirira pamenepo. Kuyambira 2008 Kamuzu Central Hospital, mogwirizana ndi University of North Carolina, yakhala ikulemba m'kaundula wovulala aliyense wofika pakhomo pake. Pogwiritsa ntchito mbiri ya odwala oposa 60,000 a m'kaundulayo, Jared Gallaher, Carlos Varela, Anthony Charles ndi anzawo anatulutsa Malawi Trauma Score mu 2019. Iyi safuna ngakhale makina a BP. Imafunsa sitepe ya AVPU, chigawo cha thupi chomwe chavulala, zaka, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, komanso ngati kugunda kwa mtima kukumveka pamkono kapena ayi. Malire ake ndi 32, ndipo pano nambala ikamakwera ndi pomwe imfa ikuyandikira. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, magetsi atazima, mabatire a makina atatha, zala ziwiri ndi maso n'zokwanira.

Komabe nambala ili ndi malire ake, ndipo bambo wa pa benchi uja akutionetsa zimenezo. Pa muyeso wa Kampala, pofika anali ndi 2 wa zaka, 4 wa BP, 3 wa kapumidwe, 4 wokhala maso ndi 2 wa malo amodzi ovulala kwambiri: 15 pa 16. Papepala anali pafupifupi wabwinobwino. Akanasiyidwa pa benchipo kwa theka la ola, BP n'kutsika kufika pa 85, mpweya n'kufika pa 32, iye n'kumayankha akaitanidwa pokha, nambalayo ikanagwa kufika pa 12, koma pamenepo magazi ambiri atatayika kale. Bondo lozizira, ludzu ndi phewa lopweteka sizili pa muyeso uliwonse mwa itatuyi. Nambala imatsimikiza ndi kusunga zomwe zapezeka, koma zala zimayamba kudziwa.

Fupa ndi moto

Mwendo wa mnyamata uja nawo uli ndi muyeso wake. Ramon Gustilo ndi John Anderson mu 1976 anagawa mafupa othyoka n'kuboola khungu m'magulu atatu: bala losafika sentimita imodzi, bala lokulirapo koma mnofu uli wokwanira, ndi bala lomwe mnofu waphwanyika kapena ladzaza dothi. Bala la m'munda kapena la m'khola limaikidwa m'gulu loopsalo ngakhale likhale laling'ono, chifukwa cha manyowa ndi kafumbata. Koma asanaone kukula kwa bala, adokotala amagwira kaye pamwamba pa phazi kumva ngati magazi akufika, n'kumuuza mnyamatayo kuti agwedeze zala za kuphazi. Phazi lozizira, lopanda kugunda, lili ndi maola ochepa oti lipulumuke.

Pa kupsa ndi moto ndi pomwe muyeso umasandukiratu mankhwala. Bani ya fodya ikayaka, kapena mwana akagwera pamoto wowotha m'miyezi ya chisanu, funso ndi lakuti khungu lapsa ndi lochuluka bwanji. Lamulo lomwe Alexander Wallace anafalitsa mu 1951 limagawa thupi la munthu wamkulu m'magawo a 9 pa 100 aliwonse: mutu 9, mkono uliwonse 9, mwendo uliwonse 18, kutsogolo kwa thunthu 18, kumsana 18. Pa zilonda zamawangamawanga amagwiritsa ntchito chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala zake, chomwe ndi pafupifupi 1 pa 100. Chikhathocho chiyenera kukhala cha wodwala, osati cha adokotala, ndipo kwa khanda mutu umatenga gawo lalikulu, pafupifupi 18. Malo ongofiira chabe sawerengedwa.

Nambalayo ikapezeka imalowa m'samu ya madzi a diripi yomwe inachokera ku chipatala cha Parkland ku Dallas: mamililita 4, kuchulukitsa ndi makilogalamu a wodwala, kuchulukitsanso ndi gawo lomwe lapsa. Munthu wa makilogalamu 60 wopsa 20 pa 100 amafuna mamililita 4,800 m'maola 24, ndipo theka lake liyenera kulowa m'maola 8 oyamba, kuwerengera kuyambira nthawi yomwe anapsa, osati yomwe wafika. Wolakwitsa kuyeza khungu amalakwitsanso madzi: akachepa impso zimaima, akachuluka mapapo amadzaza. N'chifukwa chake namwino amayang'ana thumba la mkodzo ola lililonse, popeza impso ndizo zimanena ngati samuyo inali yoona.

Kuyeza kamodzi n'kosakwanira

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mbali yomaliza ya lusoli ndi ya odekha. Muyeso umodzi umangonena pomwe munthu ali. Iwiri kapena itatu, yolembedwa pamodzi ndi nthawi yake, imanena komwe akulowera. Namwino amabwerera kwa mnyamata uja mphindi 30 zilizonse, kumudzutsa ngakhale gadiyani akudandaula kuti musiyeni apume. Cha m'ma 8 koloko akutsegula maso akaitanidwa pokha, mawu ake sakugwirizana, sakuchitanso zomwe wauzidwa koma akukankha dzanja lomutsina: 3, 3 ndi 5, zonse 11. Kutsika ndi mapointi awiri n'kokwanira kudzutsa adokotala, ndipo apa atsika atatu.

Foni ya ku Lilongwe ikhala yaifupi: mnyamata wa zaka 22, ngozi ya njinga yamoto cha m'ma 5 koloko, Glasgow inali 14, tsopano 11, diso lakumanja likuchedwa kuyankha kuwala, msongolo wothyoka wotseguka koma phazi lili ndi magazi. Wolandira foniyo sanamuone mnyamatayo, koma akudziwa choti akonze. Pa Kamuzu Central Hospital pomwepo pali tsopano Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, yomwe inatsegulidwa mu 2023 kuti izisamalira ovulala mafupa ndi ubongo. Malo a mu ambulansi apita kwa iye. Mayi uja, yemwe achibale ankati wawasiya, wasokedwa, wayezedwa kangapo, ndipo akumwa tiyi.

Zomwe zalembedwa usiku umenewo sizithera pa wodwala mmodzi. Mu 2018 Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi World Bank, unayambitsa kaundula wa ovulala m'zipatala khumi za m'dera lomwe msewu wa M1 umadutsa, kuphatikizapo cha Kasungu. Manambala otere ndi omwe amalola kufananiza zipatala mwachilungamo. Chipatala chomwe chataya odwala ambiri mwina ndi chomwe chimalandira ovulala koopsa, ndipo popanda muyeso palibe angasiyanitse ntchito yabwino ndi mwayi.

Inu amene mudzanyamule wovulala tsiku lina, muli ndi gawo lanu pa kuyezaku. Yang'anani wotchi ngozi ikangochitika ndipo mukanene nthawiyo. Kafotokozeni chomwe chamugunda, ngati anakomoka ngakhale kwa kamphindi, ngati anasanza, ngati anamwa mowa, ndi mankhwala omwe amamwa masiku onse. Pomunyamula musapinde khosi. Bala lotuluka magazi lipanikizeni ndi nsalu yoyera osasiya. Musamupatse madzi kapena chakudya ngakhale apemphe motani. Wopsa ndi moto muthireni madzi oyera ozizirira kwa mphindi 20, osapaka mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, chifukwa zimenezo zimabisa chilonda chomwe adokotala akufuna kuyeza. Ndipo m'bale wanu akagonekedwa, anamwino akamabwera kudzamudzutsa usiku, musawaletse. Iye akayamba kusokoneza mawu kapena kuvuta kudzuka, pitani mukawaitane nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.